Diresi la Mkono Umodzi

Pa msewu wonsewo panalibe munthu amene sanamvepo a Telala akunena kuti, "Bwerani mawa." Ankanena mokoma, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, moti munthu unkabwerera kwanu wopanda buluku lako koma mtima uli m'malo ngati wapatsidwa kanthu. N'chifukwa chake anthu anangowatcha a Mawa, ndipo iwo dzinalo ankaliyankha popanda manyazi.

Si kuti anali aulesi ayi. Ntchito ankaidziwa, ndipo kolala yotuluka m'manja mwawo inkagona pakhosi ngati munthu anabadwa nayo. Vuto lawo linali loti chilichonse ankachiona kuti chikhoza kudikira. Dzino lowawa linadikira mpaka linagwa lokha. Mtsikana amene ankafuna kumukwatira akadali mnyamata anadikira, anadikira, mapeto ake anabwera ndi nsalu yoyera kuti amusokere diresi la ukwati wake ndi mwamuna wina. Limenelo lokha analimaliza pa nthawi yake, ndipo atalipereka anatseka shopu n'kukalira kuseri.

Ankachita lendi zipinda ziwiri. Chakumsewu chinali shopu: makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Chakumbuyo ankagonamo, ndipo chitseko chake chinkatsegukira pabwalo pomwe panali mpope ndi chingwe choyanikapo zovala. Tsidya la bwalolo kunali nyumba ya mwini malo, mayi wamasiye amene anthu ankawatcha Amayi a Makiyi chifukwa cha mtolo wa makiyi womwe unkalira m'chiuno mwawo. Amuna awo anamwalira atadwala zaka zambiri ali chigonere, ndipo chichokereni maliro, mayiwo ankatsegula mawindo onse ngakhale kuzizire bwanji, n'kumakolopa ngakhale pamalo pomwe sipanaponde munthu.

Mphaka anabwera yekha osaitanidwa. Anali wotuwa, wamakutu akuluakulu, ndipo anangolowa tsiku lina n'kugona pa jekete la kasitomala ngati walipira. A Telala anati amuthamangitsa mawa. Patapita mwezi mbewa zimene zinkaboola nsalu za anthu zinatha, ndiye nkhani yothamangitsana inafera pomwepo. Anamutcha Bobini, poti ankakonda kuba mabobini a ulusi n'kumawagubuduzira pansi pa kabati. Chikondi chenicheni panalibe. Ankakhala ngati bwana ndi mlonda wake, aliyense akudziyesa kuti bwana ndi iyeyo.

Tsiku la ngozi, Bobini ankawoloka msewu kupita kukapempha kwa wogulitsa nyama, njinga yamoto n'kumugunda m'chiuno. Wometa wa shopu yoyandikana nayo ndiye anamutola, n'kumugoneka pakhonde. Miyendo yakumbuyo inali lendelende, mchira uli gone.

"Ameneyu wapita, achimwene," anatero wometa. "Ndipatseni thumba ndikamuthandize, asavutike."

"Tiona mawa," anatero a Telala.

Pakamwa panatero, koma miyendo inali itanyamuka kale. Anamukulunga m'malaya a munthu wina amene anali atadikira mabatani kwa miyezi, n'kuthamanga naye kwa dokotala wa ziweto.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana wosadziwa kukometsa mawu. Patapita masabata angapo, fupa litagwirana, anawakhazika pansi a Telala n'kuwauza zonse poyera. Miyendo yakumbuyo sidzaimanso. Fupa la m'chiuno lagwirana mopanikiza njira, ndipo mitsempha imene imauza nyama kuti nthawi yodzithandiza yakwana inafa. Ndiye mimba ya Bobini izichita ziwiri: mwina kutseka kwa masiku, mwina kutsegula osagogoda.

"Muzimusisita pamimba m'mawa ndi madzulo, chonchi, kutsikira m'munsi. Mankhwala ofewetsawa muzimumwetsa ndi sirinji. M'chakudya muziphwanyiramo dzungu lophika, ndipo madzi asamasowe."

"Nanga ndikadumphitsa tsiku limodzi, adokotala?"

"Mudzandibweretsera mimba itauma ngati mwala, ndipo mwina sindidzatha kuchitapo kanthu. Mimba sidikira munthu, bambo."

A Telala anabwerera kwawo atamunyamula Bobini. Moyo wawo wonse anali asanakumanepo ndi kasitomala amene sangauzidwe kuti abwere mawa.

Anthu a pamsewupo anaona zachilendo. Munthu amene ankatsegula shopu dzuwa litafika pamutu anayamba kudzuka nkhuku zisanatsike, kutenthetsa madzi, kuyala thaulo patebulo lodulirapo nsalu, n'kumugoneka Bobini chagada. Zala zimene zinazolowera kufufuza msoko zinaphunzira kufufuza matumbo. Bobini ankatukwana m'chinenero chake, ankaluma sirinji, ankalavula dzungu, koma akamaliza ankakwawa ndi miyendo yakutsogolo mwaliwiro lodabwitsa, matako akukhwekhwereza pansi, mpaka kukafika pa dzuwa. Mbewa nazo zinayesa kubwerera zitamva kuti mlonda walumala. Imodzi inaphunzira mochedwa kuti zikhadabo zakutsogolo sizinali pa ngozi.

Moni wa wometa unasintha. Sankafunsanso kuti mwadzuka bwanji, ankangosuzumira pakhomo n'kuti, "Zatuluka?" A Telala akagwedeza mutu kuvomera, wometa ankakauza amene akumumetayo, nkhani n'kuyenda mpaka kwa wogulitsa nyama. Palibe mimba ina pamsewupo imene anthu ankaidziwa bwino ngati ya Bobini.

Masiku otsegula ndi amene ankavuta, chifukwa Bobini ankasiya mzere kuchokera pa makina mpaka pakhomo iye osadziwa n'komwe. Apa ndi pomwe utelala unagwira ntchito. Anayamba kumusokera matewera, okhala ndi kabowo kotulukira mchira ndi lastiki m'chiuno. Nsalu sinasowe, poti lamulo la atelala kulikonse ndi limodzi: zotsala podula n'za telala. Posakhalitsa chingwe cha pabwalo chinadzaza ndi timatewera tamitundumitundu. Mphunzitsi wina anazindikira suti yake ikukhwekhwerezeka pansi. Amayi a kwaya anabwera kudzatenga mayunifolomu awo n'kupeza kuti membala wina anavala kale. Ena ankaseka, ena ankanyinyirika, koma onse ankabwerabe, chifukwa chodabwitsa n'chakuti zovala zinayamba kutha msanga. Munthu akadzuka m'mamawa n'kumaliza za mphaka, amasowa chochita china koma kusoka.

A Telala anamukonda mphakayo, tinene zoona. Anamukonda ndi chikondi chochititsa manyazi chija cha munthu wamkulu amene sanasambitsepo mwana. Ankamulankhulitsa, ankamupepesa, ndipo Bobini akatsamira mutu padzanja lawo pomusisita, iwo ankayang'ana kudenga kuti wometa asaone maso awo.

Amene sanaseke ngakhale kamodzi anali Amayi a Makiyi. Fungo lija, ngakhale munthu achape bwanji, limatsalira pang'ono, ndipo mayiwo ankalimva ali m'khitchini mwawo. Akamadutsa pa chingwe ankatembenuzira nkhope kumbali. Anadandaula kamodzi, kawiri, a Telala n'kumati akonza mawa. Kenako m'mawa wina makiyi analira mpaka m'shopu, ndipo mayiwo anaika patebulo nsalu yobiriwira ya maluwa agolide.

"Mwana wanga wamkazi akulandira digiri kumapeto kwa mwezi uno. Ndikufuna diresi la manja aafupi, lofika m'munsi mwa mawondo."

"Zimenezo n'zosavuta, Amayi."

"Sindinathe. Ine sindine munthu wankhanza, a Telala, ndiye ndikukupatsani nthawi yoti mumupezere kopita. Koma tsiku limene ndidzatenge diresi langa m'manja mwanu, mphakayu ndisadzamuonenso pabwalo panga. Apo ayi mutuluke naye limodzi."

Mayiwo ankawadziwa bwino alendi awo. Akanangoti mphaka achoke, akanauzidwa za mawa mpaka kukalamba. Koma tsiku la digiri silisuntha.

A Telala anagwira njakata. Anafunsa wometa, wometa anati mkazi wake amayetsemula akaona ubweya. Anafunsa wogulitsa nyama, iye anaseka mpaka kugwira tebulo. Mphaka wamiyendo inayi amavuta kale kupereka, nanji wovala thewera? Dokotala anawauza mosabisa kuti ngati palibe womusamala, chimene chatsala ndi jekeseni yomugoneka osadzukanso. Kusamuka nako kunali kosatheka. Makasitomala ankadziwa khomo limeneli, ndipo pa msinkhu wawo kukayambiranso kwina kunali ngati kudzikumbira dzenje. Ankachita mantha, mantha enieni, ndipo chida chimene anali nacho chinali chimodzi chokha, chomwe anachinola moyo wawo wonse.

Anayamba kuzengereza mwaluso. Anawayeza mayiwo, mawa lake n'kunena kuti tepi ija inali yotamuka, ayezenso. Anati ulusi wobiriwira wofanana ndi nsaluyo ukusowa. Anati zipi imene ilipo ndi yachabechabe, yosayenera mayi wa munthu wa digiri. Anafunsa ngati khosi likhale lozungulira kapena lamakona, ndipo atayankhidwa anapempha kuti mayiwo akaganizenso bwino.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, a Telala," anatero Amayi a Makiyi, akukweza manja kuti ayezedwe kachitatu. "Chiuno changa sichinasinthe chichokereni dzulo."

Sabata yomaliza itakwana, zonamizira zinatha. A Telala anayala nsalu ija, anajambula ndi choko, n'kuidula mtima ukuwawa: chakutsogolo, chakumbuyo, khosi, ndi manja awiri. Anasanjika zidutswazo pakona ya tebulo. Mkono waufupi wa diresi usanasokedwe umangokhala kansalu kotambalala, kokhota kumtunda ngati kaphiri, ndipo aliyense amene anaonapo matewera a Bobini akanakuuzani kuti amadulidwa chimodzimodzi.

Ngati kuti wamva nkhaniyo, Bobini anatseka mimba sabata yomweyo. Tsiku loyamba a Telala sanade nkhawa. Lotsatira anawonjezera dzungu. Kenako mphakayo anakana chakudya, mimba inalimba ngati mpira, ndipo ankangogona pansi pa makina maso ali pang'onopang'ono. Wometa ankasuzumira, n'kuona nkhope ya mnzakeyo, n'kubwerera osafunsa. Atapita naye kwa dokotala, iye anamuthira mankhwala kumbuyo, anamusisita, koma palibe chinatuluka.

"Pitani naye kunyumba, muzimusisitabe. Zikapanda kuyenda pofika mawa masana, tidzakambirana zina."

Kwa nthawi yoyamba mawu oti mawa anawaopsa a Telala. Anatseka chitseko cha shopu, anasiya diresi lili zidutswa, n'kukhala ndi Bobini pamiyendo. Kunja mvula inali ikugwa kuyambira dzana, ndipo matewera onse amene anachapa anali pachingwe, akudontha. Lokhalo louma linali limene mphakayo anavala.

M'mawa mwake, mvula itangokata, akusisita mopanda chiyembekezo, anamva pansi pa chala chawo kanthu kakusuntha. Bobini anatambasula miyendo yakutsogolo, anatulutsa kamawu ngati chitseko chadzimbiri, ndipo za masiku onse aja zinabwera pamodzi. Thewera silinakwane, thaulo silinakwane, buluku la a Telala nalo linalandira gawo lake. Palibe munthu anasangalalapo ndi fungo loipa ngati mmene anasangalalira iwo tsiku limenelo. Ankaseka, misozi ikutsika, akumuuza mphakayo kuti wachita bwino, wachita ngati mwamuna.

Anamusambitsa m'beseni, n'kumupukuta. Koma zinali zisanatheretu, zinkadonthabe pang'onopang'ono, ndipo thewera louma panalibe. Dzanja limodzi litagwira mphaka, linalo linapapasa patebulo n'kupeza kansalu kodulidwa kale bwinobwino. Sanayang'ane n'komwe mtundu wake. Anakapinda, anaboola pa mchira ndi sizasi, anapondaponda makina, analowetsa lastiki, basi thewera latha. M'moyo wawo wonse anali asanasokepo chinthu mwachangu chotero. Anamuveka Bobini, anasintha buluku, n'kuthamangira kwa wometa kukalengeza.

"Zatuluka!"

Wometa anasiya mutu wa munthu uli theka, n'kuwagwira chanza ngati abereka mwana.

Pobwerera anapeza m'shopu muli zii, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Bobini, thupi litapepuka, anali atakwawa kudutsa bwalo lonse kutsata kadzuwa kamene kanatuluka, ndipo kadzuwako kanali pa sitepe ya Amayi a Makiyi. Anali atagona pamenepo akunyambita dzanja, kumbuyo kwake kukuwala maluwa agolide pa nsalu yobiriwira. Mayiwo anali ataima pakhomo, tsache lili m'manja, akumuyang'ana.

A Telala anatulukira pabwalopo.

"A Telala," anatero mayiwo motsitsa mawu, "mkono wanga ukutani kumatako kwa mphaka?"

A Telala anatsegula pakamwa kuti mawu aja oti mawa, amene sanawakhumudwitsepo, atuluke, koma sanabwere.

Mayiwo anatsamiritsa tsache kukhoma. Anawerama, makiyi akulira, ndipo a Telala anaganiza kuti akufuna kumuvula Bobini nsalu yawo. Koma analowetsa chala m'mphepete mwa thewera, n'kuyendetsa pang'onopang'ono. Kenako anakweza mwendo wakufa uja, n'kupatula ubweya. Pakhungu panali mzere wofiira, ndipo pena panali patayamba kusupuka.

"Msoko mwauika mkati."

"Zovala zonse msoko umakhala mkati, Amayi."

"Zovala za anthu oyenda. Matewera onse aja ali pachingwe mwasoka chonchi?"

"Onse."

"Zaka zonsezi mukusoka, simudziwa? Amene sakumva m'munsimu sangakuuzeni kuti chikumudya. Mumangodzaona chilonda, ndipo chilonda cha pamenepa sichipola msanga." Anamunyamula Bobini mwa njira imene a Telala anatenga miyezi kuti aiphunzire, dzanja limodzi pachifuwa, lina kuchirikiza chiuno. "Msoko uzikhala kunja. Lastiki iyi yathina. Ndipo mukamusambitsa musamapukute mokhula, muzingogunditsa thaulo, kenako mafuta."

Mayiwo anakhala pa sitepe, mphaka ali pamiyendo, ndipo anayankhula akuyang'ana chingwe chija.

"Bambo a kuno ndinkawasintha matewera zaka zonse zimene anagona. Zovala zawo zonse ankavala chotembenuza, alendo n'kumaganiza kuti ndasokonezeka mutu. Atapita ndinalumbira kuti fungo limeneli lisadzalowenso pabwalo panga." Anamusisita Bobini pamutu. "Inu mumaganiza kuti limandinyansa. Silindinyansa ayi. Ndikalimva ndimatembenuka kuti mwina akundiitana, ndiye ndimapeza m'chipinda mulibe munthu."

Bobini, amene sankadziwa kuti mlandu wake ukuzengedwa, anayasamula n'kuyamba kuseweretsa makiyi.

A Telala anamva chisoni, komanso manyazi, chifukwa mwezi wonse anali akuwazunguza mayi amenewa ndi tepi ngati mdani. Anaona kuti bodza lawakwana.

"Ndalakwa, Amayi. Ndikupita kusitolo pompano kukagula nsalu yomweyi, ndidule mkono wina. Diresi lanu mulitenga lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Za mphakayu ndiona chochita."

Anali asananenepo mawu oti lero lomwe kwa kasitomala aliyense, ndipo anawanena akudziwa chimene akutaya.

Mayiwo anamasula chikhadabo cha Bobini pa makiyi.

"Nsalu imeneyo inatha kusitolo."

"Koma dzana lomweli ndinaiona pawindo, mpukutu wonse."

"Ndati inatha, a Telala. Ndipo ine diresi la mkono umodzi sindingalitenge, anthu angandiseke. Muli diresi langa labuluu m'kabati, lingofunika kukulitsa m'chiuno. Limenelo ndiye mulimalize lero."

Ku mwambo wa digiri mayiwo anapita ndi labuluu, ndipo pa chithunzi chimene chili pabalaza pawo akuoneka bwino ndithu.

Diresi lobiriwira a Telala analilumikiza, analisita, n'kulipachika pakhoma pafupi ndi galasi, phewa limodzi lili pululu. Lili pomwepo mpaka pano. Makasitomala atsopano amafunsa kuti ndi fasho yanji imeneyo, iwo n'kumayankha kuti mwini wake sanabwere kudzatenga. Mpukutu wa nsalu ija unakhala pawindo la sitolo mpaka unasuluka ndi dzuwa, ndipo onse awiri ankaudutsa akuyang'ana kwina.

Mimba ya Bobini sinachire, ndipo sidzachira. Imatsekabe, imatsegulabe, wometa amafunsabe funso lake. Chimene chinasintha n'chakuti m'mawa uliwonse, madzi akangotentha, makiyi amalira kudutsa pabwalo. Mayiwo amalowa ndi kabotolo ka mafuta, amagwira miyendo yakutsogolo, a Telala akusisita, ndipo amakalipa kuti akufinya kwambiri, kuti dzungu lachepa, kuti m'chipindamo mukufunika kukolopa. Nthawi zina amakweza maso n'kuyang'ana pakhoma.

"Diresi langa lija mpaka pano?"

"Silinathe, Amayi."

"Ulesi basi," amatero, n'kutenga thewera latsopano kuti aone ngati msoko uli kunja.